Dzina Limene Anandibera Pakamwa

Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta a nsatsi ndimabwerera ku tsiku limodzi la ubwana wanga. Ndimaona mkeka wong'ambika m'mphepete utayalidwa pansi pa mtengo wa mango, ine nditakhala pakati pa miyendo ya azakhali anga, mutu nditatsamiritsa pa bondo lawo, iwo akundiluka tsitsi ndi ulusi wakuda. Zala zawo zinali zofewa modabwitsa, zala za mzamba, zimene zinalandira ana ambiri a m'midzi yathu ya kufupi ndi Mbulumbuzi. Sankakoka tsitsi ngati mmene ankachitira amayi. Ankalipesa pang'onopang'ono akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, n'kumandiikira m'manja mtedza wokazinga umene anabwera nawo ataumanga pansonga ya mpango. Ndinali ndi zaka khumi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ndinkati pa dziko lonse palibe wondikonda ngati munthu ameneyu. Ndinazindikira mochedwa kuti munthu akafuna kukuchotsa kanthu m'kamwa sayamba n'kukumenya ayi. Amayamba n'kukudyetsa.

Inali nyengo ya nandolo, zaka zochepa dziko litangolandira ufulu. Chiperoni chinali chitatha, chija chimatsika m'phiri la Chiradzulu n'kukulowa m'mafupa, ndipo dzuwa linali litayamba kuluma. Chimanga chinali kale m'nkhokwe. M'minda munatsala nandolo yekha, makoko ake akuuma n'kumachita phokoso mphepo ikadutsa, ndipo ntchito ya ife atsikana inali kukathyola m'mawa, kuyanika pabwalo, kupuntha ndi ndodo masana, kenaka kupeta mpaka mankhusu atatiyabwa m'khosi ndi m'khwapa. Mudzi wonse unkanunkhira nandolo wowira ndi makaka, chinangwa chouma chija, ndi utsi wa mapesi amene anthu ankatentha m'minda. Tikapeza mpata tinkakumba kadzenje n'kusewera phada, kapena kumenya fulaye ndi mpira wa nsanza mpaka wina atalira. Ndikanakonda ndikanamakumbukira zimenezi zokha ngati anzanga amsinkhu wanga, amene akayamba za kale amangoti kunali kokoma, anthu ankakondana. Ankakondana ati? Ine ndinalipo, ndipo maso ndinali nawo.

Kwathu mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi, choncho pabwalo pathu panali nyumba ziwiri zoyang'anizana, ya amayi ndi ya mng'ono wawo, amene ndinkawaitana kuti mayi aang'ono. Chaka chimenecho onse awiri anali ndi pakati. Mwamuna wa mayi aang'ono anali wobwera, wa kutsidya kwa malire, ndipo anapita kukaona kwawo osabweranso, osasiya ngakhale m'bale mmodzi woti n'kumulozera. Amayi anga iwo chisoni chawo chinali cha mtundu wina. Pambuyo pa ine anabereka ana awiri, Filipo ndi Malita, ndipo onse anapita asanayambe kuyenda. Maina onse awiriwo anawatcha ndi azakhali, mlongo wawo wa abambo, amene ankakhala kutsidya kwa mtsinje, pakuti kubanja kwa abambo mwambo unali woti mwana wa mwamuna amamutcha dzina ndi mlongo wake wa mwamunayo. Ana aja atamwalira, pakamwa pa anthu panagawikana. Akuchimuna ankati pamudzi pa amayi pali chinthu chimene chikudya ana. Azimayi a kumtsinje akamachapa ankanong'onezana kuti maina a azakhali ndi olemera, khanda silingawasenze. Zonsezi ankazinena anthu omwe ankapatsana moni wa manja awiri n'kumabwerekana mchere.

Abambo anaganiza zopita ku Halale kukagwira ntchito m'minda ya fodya, monga ankachitira amuna ambiri masiku amenewo. Kutatsala masiku awiri kuti anyamuke tinali kumunda tikukolola chimanga, ndipo iwo ndi amayi anakhala pansi pafupi ndi chulu kuti apume. Ine ndinali kuseri kwa mkukwe ndikutafuna msinde. Ndinamva abambo akuti, "ANangondo, mwanayu adzabadwa ine kulibe, ndipo dzina la achemwali sindikulifunanso pa mwana wanga. Tisankhe tokha, limodzi, loti akabwera wamwamuna limukhale, akabwera wamkazi limukhalenso." Amayi anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chimwalirire Malita, nati, "Inu nanunso, mukufuna kugula chipewa mutu musanauone?" Komabe anayamba kuponyerana maina ngati ana. Chikondi amayi anakana, akuti alipo kale atatu kutchalitchi ndipo ukaitana mmodzi amatembenuka onse. Limbani anati lapendekera kuchimuna. Mavuto anati tawaona okwana, sitingawaitanenso pakhomo tsiku ndi tsiku. Potsiriza abambo anati Pilirani, ndipo amayi analibwereza kawiri chapansipansi, ngati munthu wolawa mchere mu ndiwo, n'kugwedeza mutu. Anapangana kuti tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, azakhali asanatsegule pakamwa, amayi adzangonena kuti mwini mwana anasiya dzina. Mawu osiyidwa ndi bambo amene ali kutali palibe akanawatsutsa. Koma dzinalo linayenera kubisika mpaka tsikulo, chifukwa kwathu kutcha dzina mwana amene ali m'mimba chinali chinthu choopsa, akuluakulu ankati ukuitana munthu amene akuwoloka mtsinje, atembenuka n'kugwa. Ali mkati mopangana, ndinatsokomola ndi madzi a msinde. Abambo anandiitana, nandigwira khutu, osati mopweteka, nati, "Chimene wamvachi chimezere. Ukachilavula wataya m'bale wako."

Ndinachimeza miyezi itatu. Anthu asamati mwana sasunga chinsinsi, ine ndinasunga, ndipo chinkanditentha m'mimba ngati mbatata yomeza isanazizire. Pa masanje anzanga akamabereka zitsononkho kumbuyo n'kumazitcha maina, changa ndinkachitcha Malita kuti lilime lisaterere. Ndikapita ndekha kukatunga madzi ndinkalowetsa mutu mumtsuko wopanda kanthu n'kunong'oneza dzina lija kuti ndimve mmene likumvekera, kenaka n'kuyang'ana uku ndi uku ngati ndaba. Ndinkalikonda dzinalo. Ndinkati m'bale wanga ameneyu ndiye adzakhala, chifukwa dzina lake silinadutse kutsidya kwa mtsinje.

Koma galu wamkota sakandira pachabe. Azakhali anaona kuti mchimwene wawo wanyamuka osanena mawu amene ankanena nthawi zonse, oti achemwali mudzamutche mwanayo. Anadziwa kuti pali chimene chaphikidwa iwo kulibe, ndipo anadziwanso zimene azimayi ankanena kumtsinje za maina awo. Munthu amene kale ankabwera kwathu pa maliro pokha anayamba kuwoloka mtsinje kawiri pa sabata. Lero abwera ndi mtolo wa nkhuni, mawa chipanda cha thobwa, mkuja adzawasisita amayi msana n'kumati alamu musanyamule zolemera. Amayi ankalandira zonse ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kutseka pakamwa. Anali atawadziwa alamu awo. Atalephera pakhomo lalikulu, azakhali anayang'ana pawindo, ndipo windolo ndinali ine. Tsiku lija la mafuta a nsatsi amayi anali atapita kuchigayo ndi mayi aang'ono. Azakhali sanandifunse kuti dzina ndi ndani. Akanafunsa choncho ndikanathawa. Iwo anangousa moyo akumanga ulusi, nati, "Mwana wa achimwene, ukalamba ndi matenda. Bambo ako anandiuza zonse tsiku lonyamuka, koma mutu wangawu wasanduka lichero lobooka. Paja anasiya awiri, la mwamuna ndi la mkazi?" Ine ndinati ayi azakhali, ndi limodzi lokwana onse. Iwo anati, "Eyaa, ndakumbuka tsopano, Chikondi!" Ndipo ine, chitsiru cha mwana chonyadira kukonza munthu wamkulu, mtedza uli m'kamwa, ndinati, "Ayi azakhali, ndi Pilirani." Zala zawo sizinaime ngakhale pang'ono. Anamaliza kuluka, nandiuza kuti ndakongola ngati mwana wa m'tauni.

Sindinawauze amayi. Ndinadzinamiza kuti ngati abambo anawauza kale alongo awo, ndiye kuti sindinalakwe kanthu, ngakhale kunsi kwa mtima ndinkadziwa kuti abambo sakanatero.

Patapita masabata awiri mayi aang'ono anachira, mwana wamkazi, ndipo anamulandira ndi azakhali omwewo pakuti ndiwo anali azamba a dera lonse. Masiku a chikuta ine ndinali wotumikira, kuphika phala, kutenthetsa madzi, kusonkha moto wosazima m'nyumba mwawo mpaka maso kufiira ndi utsi. Mchombo utagwa, linafika tsiku lotulutsa mwana. Tinasesa pabwalo m'mamawa, nyumba inaziridwa ndi dothi lakuda lonunkhira chinyezi, phulusa la m'chikuta linakatayidwa, ndipo azimayi anasonkhana pamikeka, khanda akulimeta tsitsi la m'mimba. Popeza kuchimuna kunalibe munthu, akuluakulu anati ulemu wotcha dzina upite kwa azamba amene anavutika naye. Azakhali anayamba akana kaye, kawiri, monga amachitira anthu aulemu. Kenaka anamunyamula mwanayo m'mwamba, namumangirira mkanda woyera m'chiuno, nati, "Uyu ndi Pilirani." Ponena mawuwo sanayang'ane mwana, sanayang'ane mayi wake. Anayang'ana amayi anga. Nthungululu zinalira. Mayi aang'ono, amene sankadziwa kanthu, anaomba m'manja misozi ili m'maso, akuti dzina lokoma chotere analipeza kuti. Amayi anali akuthira thobwa m'zikho, mimba ili kutsogolo. Chikho chinadzaza, thobwa linasefukira pa zala zawo n'kudontha pansi, iwo akuthirabe.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti nzeru ya abambo ndi imene inatsegulira wakuba chitseko. Akanasiya dzina la mwamuna lokhalokha, azakhali sakanatha kuliveka khanda lalikazi, akanangotsala nalo m'manja. Koma dzina lokwana aliyense limakwananso mwana wa mnzako. Ndipo kwathu dzina likatchedwa pagulu, mkanda wamangidwa, nkhuku yaperekedwa, silibwezedwa. Ana awiri a pabwalo limodzi, oyamwa nthawi imodzi, a amayi a mimba imodzi, sakanatchedwa dzina limodzi, anthu akanati wachiwiriyo akulanda moyo wa woyambayo. Azakhali anaziwerengera zonsezi ali chikhalire pamkeka, akundipaka mafuta.

Madzulo a tsikulo amayi ananditenga kumtsinje. Titafika pamwala wochapira anandifunsa mawu awiri okha, "Unauza ndani?" Ndinawauza zonse, za mtedza, za ulusi, za lichero lobooka. Ndinayembekeza khofi, ndipo ndinkalifuna, chifukwa mwana akamenyedwa mlandu umatha. Amayi anangondiyang'ana tsitsi lolukidwa bwino lija kwa nthawi yaitali, nati, "Senza ndowa tizipita." Tsiku lomwelo ndinamasula ulusi wonse ndekha, ndikudzikoka mpaka khungu la m'mutu kutupa.

Azakhali sanabise n'komwe. M'mawa mwake anabwera kudzaona khanda, naima pakhomo pathu azimayi ena akumva, nati, "Alamu, ndakutulani katundu. Munthu wamkulu ngati inu kutcha dzina mimba? Linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Dzinalo ndalipereka kwa amene watsegula kale maso, kuti lisamukoke wanuyo. Ndiye muzidabwa kuti ana akutha bwanji pakhomo pano?" Amayi anagwada pang'ono monga mwa ulemu, nati, "Zikomo alamu, mwatithandiza." Ndinawaona dzanja limene anagwira nalo chitseko, mitsempha itatuluka ngati mizu ya chinangwa. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika midzi itatu. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri anagwirizana kuti amayi alakwira mwambo, mwana wa m'mimbayo ali pangozi, ndipo akabadwa ayenera kulandira dzina lothamangitsa imfa kuchokera kwa azamba. Amayi sakanasankhanso lina n'kunena kuti anasiya ndi abambo, pakuti aliyense tsopano ankadziwa limene abambo anasiya. Anthu omwe aja ankanong'ona kumtsinje kuti maina a azakhali ndi olemera ndi amene anali patsogolo kunena kuti aNangondo aonjeza, ayamike kuti ali ndi mlamu wamaso.

Mvula yoyamba isanagwe, nthawi imene mango aawisi amayamba kuoneka m'mitengo ndipo nyenje zimalira mpaka m'makutu kuwawa, amayi anachira. Anali mwana wamwamuna, wamkulu bwino, wolira mwamphamvu. Ndinasesanso bwalo, ndinaziranso nyumba, ndinatayanso phulusa. Maina othamangitsa imfa tinkawadziwa. Mayi amene ana ake akhala akumwalira ankatcha wotsatira Maliro, kapena Manda, kapena Nyansi, kuti imfa ikamadutsa ione ngati n'chinthu chotayidwa kale, ipitirire. Amayi anali atakonzeka kulandira limodzi mwa amenewo. Koma azakhali atamunyamula mlongo wanga, anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mbali imene kunakhala abale a amayi, nati, "Uyu ndi Mwatitha." Limenelo silinali dzina lonamiza imfa. Linali chala cholozera anthu amoyo. Linkanena kuti inu a pamudzi pano ndi amene mwatha ana a mchimwene wanga, ndipo linkanena zimenezo pabwalo pathu pomwe, pamaso pa anthu amene anaphika thobwa limene azakhali anali atangomwa. Nthungululu zinalira ziwiri zokha, zozizira. Palibe anaimirira. Amalume anga, eni mbumba, amene ankabangula mbuzi ikalowa m'munda mwawo, anangoyang'ana pansi n'kumakanda chala cha kuphazi.

Kuyambira tsiku limenelo amayi sanalitchule dzinalo. Mwana wawo ankamuitana kuti bambo, kapena iwe, kapena kungomuombera m'manja. Koma bwalo linali limodzi. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa mayi aang'ono ankaitana wawo, Pilirani wadzuka, Pilirani usadye dothi, taonani Pilirani wamera dzino, ndipo mawu aliwonse ankadutsa pakhomo pathu amayi akusinja. Amayi sanamudandaulire mng'ono wawoyo ngakhale kamodzi. Ankati mwana wa eni alibe mlandu, ndipo mng'ono wawoyo akamva akudandaula adzayamba kuchita manyazi ndi dzina la mwana wake yemwe. Ine ndinalibe mtima wotero. Ndinkadana nako kamtsikanako, kosalakwa, konenepa masaya, ndipo tsiku lina atandipatsa kuti ndikabereke ndinakatsina pantchafu mpaka kukuwa, n'kunama kuti kalumidwa ndi nyerere. Ndikunena kuti mudziwe chimene zochita za akuluakulu zimabzala mwa mwana. Ndipo chopweteka kuposa zonse, mlongo wanga anakhala moyo. Ndikuti chopweteka osati chifukwa sindinkamufuna, ndinkamubereka mpaka msana kuchita zipsera, koma chifukwa dzino lililonse limene ankamera linkasanduka umboni wa azakhali. Atayamba kukwawa anthu anati mwaona. Atayamba kuyenda, kupitirira pamene analekera Filipo ndi Malita, anati azamba aja ndi akatswiri, anamupulumutsa mwana m'manja mwa mayi wake. Zoti amayi ankamuphikira phala la nsinjiro katatu pa tsiku, zoti ankayenda naye wapansi kusikelo mvula ikugwa, palibe ankaziwerengera.

Chiyembekezo changa chonse chinali pa abambo. Uthenga umene unawafika ku Halale unadutsa pakamwa pa anthu atatu, ndipo unafika utatsala mawu ochepa, akuti mwana anabadwa, ali moyo. Sankadziwa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, ndipo sanade nkhawa, poti dzina anasiya lokwana onse. Ndinkati akadzabwera adzagubuduza zonse. Anafika patatha mvula ziwiri, masana dzuwa lili paliwombo, sutikesi ili pamutu, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Ana awiri aja ankasewera pafumbi pakati pa bwalo, onse ometedwa mipala, onse otuwa. Abambo anatula sutikesi, nagwada, natambasula manja, naitana mokweza ndi mawu amene anawasunga zaka ziwiri, "Pilirani!" Kamtsikana ka mayi aang'ono kanatembenuka, n'kuyamba kudzandira kupita kwa iwo, pakuti kanali kozolowera kunyamulidwa ndi aliyense. Abambo anakakweza m'mwamba akuseka, akuti, "Ndi wamkazi! ANangondo, tulukani, mwabisala chiyani? Taonani mphunoyi, ndi yanga yeniyeni!" Anapisa m'thumba la jekete natulutsa kachipewa koluka kofiira, nakaveka. Mlongo wanga anaima potero, chala chili m'kamwa, akuyang'ana mlendo ndi chipewa. Amayi anali atatuluka, ataima pakhomo, manja ali ndi ufa. Ndine ndinakuwa, ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo, "Si wanu ameneyo! Wanu ndi uyo!"

Abambo anamutsitsa mwana wa eni pang'onopang'ono. Chipewa sanamuvule, akanamuvula bwanji. Anayang'ana mnyamata, anayang'ana amayi, nafunsa chapansipansi kuti nanga uyu dzina lake ndani. Amayi anapukuta manja pa chitenje, nayang'ana kuphiri, nati, "Mwatitha."

Atamva nkhani yonse abambo sanadye, sanavule n'jekete lomwe. Anawoloka mtsinje akuponda mwamphamvu, ndipo ine mtima unkavina. Ndinakhala pa chitsa cha m'mphepete mwa njira kudikira, ndikuganiza mmene azakhali adzabwerere akukwawa kudzapepesa, mmene akuluakulu adzaitanidwire, mmene mlongo wanga adzalandirire dzina lina, lililonse, ngakhale Chikondi wachinayi wa kutchalitchi. Anabwerera dzuwa litapendeka, akuyenda mofatsa, m'khwapa atapanira tambala amene alongo awo anawapatsa wowalandirira. Pakamwa pawo pankanyezimira mafuta a ndiwo. Anakhala pakhonde, namuika mwana wawo pamwendo, nati kwa amayi, "ANangondo, mwanayu ali moyo. Awiri aja ali kuti? Achemwali anachita zimene anaona kuti n'zothandiza. Dzina ndi dzina, zisiyeni." Ndiye anamugwedeza mwanayo pabondo akumuitana ndi dzina lomwelo, lonyoza mkazi wawo ndi mbumba yonse imene inawapatsa malo omangapo nyumba. Amayi anatenga tambala uja, anakamupha, anamuphika, anawapatsa amuna awo. Iwo sanadyeko, ndipo ine ndinakananso ngakhale anandipatsa chiwindi.

Nkhani inathera pamenepo, ngati mmene zimathera nkhani zambiri za pamudzi, wolakwiridwa ndiye amaphika. Mlongo wanga anapita nalo dzinalo kusukulu, anabatizidwa nalo, anakwatira nalo, ndipo lero ndi nkhalamba ya imvi imene adzukulu ake amaitchula mosaganiza kuti mawuwo ankaloza ndani. Ndinamuuzapo ali mnyamata kuti alisinthe pa ubatizo, iye anangoseka, akuti analizolowera ngati chipsera cha katemera. Pilirani anakula n'kukhala mayi wabwino mtima, ndipo sindinamuuze za nyerere ija. Azakhali anamwalira ali ndi ulemu wawo wonse, anthu anadzaza mpaka kumsewu, olalikira anati anali mayi wa ana onse. Ine ndinapita, ndinatunga madzi, ndinaphika nawo, koma misozi ndinaisunga.

Ana anga amati ndine wovuta. Akuti munthu akabwera ndi kamphatso ndimayang'ana nkhope yake m'malo moyang'ana mphatsoyo, akuti mlendo akayamba kucheza ndi adzukulu anga ndimasendeza mpando kufupi. N'zoona, ndipo sindidzasintha. Amene anandinamiza sanali mdani wa kutali, amene anakhala chete anali amalume anga, amene anagulidwa ndi tambala anali bambo anga ondibereka. Masiku ano atsikana amalengeza dzina mimba isanaoneke n'komwe, amafunsa maganizo kwa aliyense, ngakhale kwa anthu amene sanawaonepo maso, kuti tithandizeni dzina lokhala bwino kwa mwamuna ndi kwa mkazi. Mwambo woopa kutcha mimba uja unapita, ndipo sindiulira, unkapweteka azimayi osalakwa. Koma mitima imene inkabisala kuseri kwa mwambowo sinapite kulikonse, ndimaiona ikumwetulira pa zikondwerero zomwezo.

Amayi analitchula dzina la mwana wawo kamodzi kokha moyo wawo wonse, tsiku lija pakhomo, chifukwa mwamuna wawo anafunsa. Ine pano ndalilemba, koma pakamwa panga silinatulukepo, ndipo mwini wakeyo ndakhala naye zaka zonsezi ndikumuitana kuti achimwene, kuyambira ali wosavala mpaka lero akuyendera ndodo. Anthu akamva amati taonani ulemu wa amayi awa, kulemekeza mwana amene anamubereka kumbuyo. Ndimawasiya aganize choncho. Si ulemu.